Tsiku limene mavesi anatithera ku Rosettenville

Vidiyoyo inandipeza ndili ku ntchito Lolemba m'mawa, pa gulu la WhatsApp la anthu akwathu. Amene anaitumiza analemba pamwamba kuti Mulungu akadali pa mpando wake, n'kuikapo timanja topemphera mzere wonse. Nditaitsegula ndinaona mwana wa achemwali anga ataima kutsogolo kwa mpingo, dzanja lina maikolofoni, lina pepala, misozi ili chuchuchu. Ankauza anthu kuti wakhala ndi kachirombo kwa zaka, koma Papa, mtsogoleri wa mpingowo, atam'sanjika manja anapita kukiliniki kukayezetsa, ndipo pepala likuti m'magazi mwake mulibe kanthu.

Holo yonse inaphulika. Wa kiyibodi anakweza, amayi nthungululu. Kenako mnyamatayo anapisa m'thumba n'kutulutsa botolo la ma ARV. Papa analilandira, analionetsa uku ndi uku, n'kuliponya m'bini yomwe inali kale pafupi ndi guwa. Biniyo ndi imene inandisowetsa tulo. Munthu saika bini pa guwa ngati sakuyembekeza kuti muponyedwa kanthu.

Dzina la mnyamatayu sinditchula, ngakhale wandilola kulemba. La mpingo sinditchulanso. Mipingo yotere yadzaza m'masitolo akale a ku Rosettenville ndi Turffontein kuno ku Joni, ndipo aliyense wa ife kuno akudziwako umodzi. Chofunika kudziwa n'chakuti ndine malume wake. Tsiku limene anatsika basi pa Park Station, achemwali anandiimbira ali ku Dedza: "Achimwene, mbumba yanu ndi imeneyo." Kwathu mawu amenewo si moni.

## Zilembo zitatu

Madzulo ake ndinapita kumene amakhala n'kupempha pepalalo. Linali lenileni la ku labu, osati lopangitsa pa kompyuta. Pa malo olemba kuchuluka kwa tizirombo panali zilembo zitatu, LDL.

Amene mumamwa mankhwalawa kapena kuperekeza abale mukuzidziwa. Tizirombo tachepa kwambiri moti makina sakutha kutiwerenga, ndipo kuno amati munthu ali bwino tikatsika kuchepera 50 pa mililita imodzi ya magazi. Ndi nkhani yabwino ndithu, yoyenera kuthokozera. Koma kachiromboko sikanachoke. Kamabisala m'maselo ena a m'thupi kali phee, momwe mankhwala sangakachotse, ndipo munthu akasiya kumwa kamayambanso kuswana pakangopita masabata ochepa. Kumwa modumphadumpha kumachititsanso kuti kazolowere mankhwalawo. Ndiye kuti pepala limene mpingo unaliimbira nthungululu linali umboni woti mapiritsi a m'bini aja ankagwira ntchito yawo.

Ndinam'fotokozera zonsezi. Anandimvera mwaulemu, pajatu analeredwa bwino, kenako anati, "Malume, inu mukunena za thupi. Yesaya akuti ndi mikwingwirima yake ife tachiritsidwa. Nanga Yesaya ananama?"

Sindinam'kalipire, chifukwa ndinkadziwa chimene chinam'kometsera umboniwo. Mlendo kuno kupita kukiliniki si masewera. Udzuke mdima uli bii, upemphe tsiku kwa bwana amene sukufuna adziwe chifukwa chake, uime pa mzere ndi pasipoti yotha masiku. Chiyambireni a Operation Dudula, gulu losafuna alendo ochokera kunja, kumaima pa mageti a makiliniki ena n'kumafunsa ma ID, ena athu amabwerera pa geti pomwepo. Wina akakuuza kuti zonsezi zatha lero, mtima umathamangira kukhulupirira mutu usanafunse.

## Lamulungu masana

Ndinatumiza uthenga kumpingo kwawoko kuti banja likufuna kukhala pansi ndi Papa. Papa sanabwere. Anatuma abusa aang'ono, mnyamata wa kwathu komwe, wa suti yabuluu, waulemu wake ndithu, Baibulo lili mu foni. Ine ndinatenga a Nabanda, amene amasunga buku la sosayite yathu ya maliro. Akhala akugwira ntchito ya m'nyumba ku Northcliff kuyambira ine ndisanaganize n'komwe zobwera ku Joni, ndipo mtembo wa Mmalawi ukamachoka m'dera lathu kupita kumudzi umadutsa m'buku mwawo. Ndinawatenga kuti pakhale munthu wamkulu basi. Zoyankhula ndinkati ndiyankhula ndine.

Ndinakulira mu CCAP ya ku Nkhoma, kalasi ndinalowa, katekisimu ndinaloweza, ndipo Buku Lopatulika la malemu bambo anga ndinawoloka nalo Beitbridge lili pansi pa chikwama. Usiku wa Loweruka ndinakhala ndikuika timapepala m'masamba.

Chipinda cha mwana wa achemwaliyo chili kuseri kwa nyumba ya eni, bedi limodzi, mipando iwiri. Mwini nkhani anakhala pa kreti ya zakumwa pafupi ndi chitseko.

Ndinayamba ndi Mateyu 9:12, olimba safuna sing'anga koma odwala. Abusa anamwetulira. "Bambo, tatsikani vesi limodzi. Yesu akunena za ochimwa, osati za chipatala." Ndinatsika, ndipo ankanena zoona. Ndinatchula Luka, amene Paulo akumutcha sing'anga wokondedwa. Iwo anatsegula 2 Mbiri 16:12, mfumu Asa amene anadwala mapazi n'kufuna asing'anga m'malo mwa Yehova, vesi lotsatira n'kumwalira. Ndinati Hezekiya anam'paka nkhuyu pa chithupsa, pa Yesaya 38. Iwo anati nanga mayi uja wa pa Marko 5, amene anatha chuma chake chonse kwa asing'anga matenda n'kumangokula? Nditayesa kufotokoza za LDL anandidula ndi Miyambo 3:5, osachirikizika pa luntha lako. Nditafunsa ngati Papa anaphunzirapo za magazi, nkhope inasintha: Masalmo 105:15, musakhudze odzozedwa anga.

Vesi lililonse limene anatchula lilimo. Palibe limene anapeka. Mnyamata pa kreti paja ankangotembenuza mutu, kwa malume, kwa abusa, kwa malume. Timapepala tanga tinatha. Foni ya abusa inali isanathe.

A Nabanda anatsokomola. "Abusa, ine sukulu ndinalekera sitandade 3, mavesi anuwo ndikungowamvera. Mundilole ndifunse zauchitsiru."

"Funsani, mayi."

"Magazi a pepalali anatengedwa mwanayu akumwa mankhwala, kapena atasiya?"

"Akumwa, komano…"

"Chabwino. Tinene kuti Papa am'chiritsadi. Akapitiriza kumwa, machiritsowo athawa?"

Abusa anati kumwa ndi kukayika, ndipo Yakobo akuti munthu wa mitima iwiri asayembekeze kulandira kanthu.

"Za kukayika ndamva. Ine ndikufunsa za thupi lakeli. Atachira n'kumamwabe, wataya chiyani? Asanachire n'kusiya, wataya chiyani? Ziwirizi n'zofanana?"

M'chipinda munangoti zii. Panja ana a eni nyumba ankamenyetsa mpira kukhoma.

Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa buku lija, lachikuto cholimba chakuda, msana wofiira. Anatsegula tsamba lopanda kanthu n'kuliika pa maondo a abusa pamodzi ndi cholembera. "Ngati mukutsimikiza, lembani apa kuti akadwala mudzam'samala ndinu, ndipo zikavuta mtembo mudzaufikitsa ku Dedza ndi ndalama za mpingo wanu. Musayine. Ifetu tinaika anthu nthawi imene mankhwalawa kunalibe. Tinapemphera, tinasala, tinakamwa ndi mchape womwe. Manda ake alipo, ndingakakuonetseni."

Mchape umene ankanena ndi uja wa mu 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira kwa Billy Chisupe ku Machinga atamva kuti walota mankhwala a Edzi. Ma ARV aulere m'zipatala za boma anayamba mu 2004, kwathu ndi kuno komwe. Abusawo nthawi ya mchape ayenera kuti anali asanabadwe.

Sanasayine. Anati nkhani za ndalama ndi za Papa, anatseka ndi pemphero lalifupi n'kunyamuka. Mnyamata wanga sananene kanthu tsiku limenelo. Pakati pa sabata anaimbira a Nabanda, osati ine, kuwapempha kuti am'perekeze kukiliniki. Nesi anam'dzudzula pang'ono n'kum'yambitsanso.

## Amasankha vesi ndani?

Kwa nthawi ndithu ndinkangokondwera kuti mwana wapulumuka. Chinthu china chinayamba kundiluma pambuyo pake. Tinali awiri odziwa Buku m'chipinda muja, ndipo Bukulo silinaweruze pakati pathu. Ine ndinabwera nditatsimikiza kale kuti mnyamatayo amwe mankhwala, n'kukafuna mavesi ondithandiza. Abusa anabwera atatsimikiza kale kuti Papa sangalakwe, n'kupeza awo. Aliyense anali ataweruza asanatsegule. Kusiyana kwathu ndi a Nabanda n'kwakuti iwo maganizo awo anawaika poyera kuti aliyense awayese, pomwe ife tinawaveka mawu a Mulungu kuti pasapezeke wotsutsa.

Kale ndikamva munthu akuti "Baibulo likuti", ndinkaona ngati nkhani yatha. Panopa ndimamva kuti munthu uyu wasankha vesi ili pakati pa mavesi zikwizikwi, ndipo ndimafuna kudziwa chimene wasankhira limeneli. Pa Mateyu 4 amene akunena kuti "kwalembedwa" si Yesu yekha. Satana nayenso akutchula Salmo 91 ali pamwamba pa kachisi, ndipo akutchula molondola. Ndinaphunzira ndimeyi ndili mwana ku Sande Sukulu, koma tanthauzo lake ndinakalimvera m'chipinda chija ku Rosettenville.

## Msewu wa abusa awiri

Ndimagwira ntchito mu hadiweya ina kufupi ndi Cresta, ndiye m'mawa uliwonse tekisi yochokera pa siteji ya Bree imanditengera pa Beyers Naudé Drive. Mpaka 2001 msewu umenewu unkatchedwa DF Malan Drive. Anthu awiriwa onse anali abusa a mpingo umodzi, NG Kerk (Dutch Reformed).

D.F. Malan anasiya guwa n'kulowa ndale, ndipo mu 1948 anakhala nduna yaikulu imene inakhazikitsa ulamuliro wa tsankho wa apartheid. Mpingo wake unam'patsa mavesi. Ankawerenga za nsanja ya Babele pa Genesis 11 n'kunena kuti Mulungu mwini ndiye analekanitsa mitundu, n'kuwonjezera Machitidwe 17:26 pamene pakunenedwa za malire a pokhala pa anthu. Mu 1974 sinodi yawo inali ikutetezabe zimenezi ndi Malemba. Sanali anthu osadziwa Baibulo. Mpingo womwewo ndi umene unatumiza amishonale ku Mvera mu 1889, ndipo William Murray wa mpingowu ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922, lomwe lija ndinaikamo timapepala.

Beyers Naudé anakulira m'chiphunzitso chimenechi, mpaka analowa Broederbond, gulu lachinsinsi la Mabunu lochirikiza tsankho. Apolisi atawombera ndi kupha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, zimene ankaona ndi zimene ankalalikira zinasiya kugwirizana. Mu 1963 anatsanzika mpingo wake wa Aasvoëlkop ku Northcliff, ndipo kuyambira 1977 boma linam'tsekera pakamwa kwa zaka 7. Atamwalira mu 2004 phulusa lake linakawazidwa ku Alexandra.

Wina anena kuti Naudé nayenso anatsanzika ndi vesi, Machitidwe 5:29, kumvera Mulungu koposa anthu. Inde. Koma vesilo linali m'Baibulo mwake zaka zonse zimene ankagwirizana ndi tsankho, ndipo silinam'sokoneze. Chinayamba kusuntha ndi chikumbumtima, ataona mitembo ndi mmene anthu akuda ankakhalira. Vesi linabwera pambuyo kudzapereka mawu. Mpingo wonse unadikira mpaka 1986 kuti uyambe kuvomereza poyera kuti tsankho silingatetezedwe ndi Malemba, ndipo m'zaka zonsezo palibe vesi limene linawonjezedwa kapena kuchotsedwa.

## Udzu, Doom ndi moto wa pa Albert Street

Za masiku ano sindichulukitsa, munaziona m'mafoni. Mu 2014 anthu a mpingo wa Lesego Daniel ku Ga-Rankuwa anadya udzu, kenako anamwa petulo. Mu 2016 Lethebo Rabalago wa ku Limpopo ankapopera anthu Doom kumaso, ndipo khoti linam'peza wolakwa mu 2018. Bungwe la CRL, loona za ufulu wa zipembedzo, zikhalidwe ndi ziyankhulo, linachita kafukufuku wa malonda a m'mipingo n'kutulutsa lipoti mu 2017. Timaseka tikaona zimenezi, koma amene anagwada pa udzu paja si amisala. Anaphunzitsidwa kuti mutu ukati "ichi n'chopweteka", amene akuyankhula ndi mdyerekezi.

Zimenezo n'zosavuta kuzitsutsa. Chovuta ndi vesi labwino lonenedwa ndi munthu wabwino. Mbandakucha wa pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso pa Albert Street ku Marshalltown inapsa, anthu 76 n'kufa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Tinasonkhana kupemphera, ndipo wolalikira, bambo wachifundo amene anagona ku mochale akuthandiza mabanja, anawerenga Yobu 1:21, Yehova anapatsa, Yehova watenga. Anthu anavomera ndi ameni wa misozi. Ine pakhosi panandiuma. M'nyumba muja anthu ankagona m'tizipinda togawa ndi matabwa, njira zothawira zili zotseka. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, ndipo komishoni ya jaji wopuma Sisi Khampepe inadzapeza kuti mzindawu unalephera kutsata malamulo ake omwe. Munthu wina anavomera pamaso pa komishoniyo kuti moto anayatsa ndi iye. Yehova sanatseke geti. Vesi la Yobu linatonthoza amasiye usiku umenewo, sindikana, koma linatsekanso funso lakuti abale athu ena akugona m'nyumba zingati zofanana ndi imeneyo. Nditapatsidwa mpata woyankhula ndinafunsa funso limenelo, ndipo ena sanakondwe nane.

## "Ndiye mutsamira pa chiyani?"

Kutchalitchi ndimapitabe, kumpingo wathu wa Amalawi. Ndimaimba, ndimapemphera, Masalmo ndimawerenga usiku tulo likasowa. Chimene ndinasiya ndi kulola vesi kutseka nkhani imene ikukhudza thupi, ndalama kapena moyo wa munthu. Wina akabwera ndi "atero Yehova", ndimafunsa kuti zikalakwika adzalipira ndani, ndipo zikayenda apindula ndani. Ndimafunsanso ngati pali njira yoonera mwezi wamawa kuti zinali zoona. Safunsa anadya phula.

Zanditayitsa zina. Achemwali ku Dedza amathokoza kuti mwana ali moyo, koma amauza anthu kuti ku Joni kwandisokoneza mutu. Maphunziro a Baibulo a Lachitatu, amene ndinkatsogolera, ndinapemphedwa kuti ndiyambe ndapuma kaye mpaka akuluakulu akambirane.

Amene anabweretsa uthengawo ndi mkulu wa mpingo wina wa ku Ntcheu, munthu amene ndimam'lemekeza, ndipo timakwera tekisi imodzi pobwerera. Iye sanazungulire. "Achimwene, mukachotsa Mawu mutsamira pa chiyani? Nzeru? Wakuba nayenso ali ndi nzeru. Amene anakonza apartheid anali madokotala a maphunziro."

Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindinaliyankhe ndi nthabwala. Nzeru zanga zikhoza kundinamiza, makamaka pamene chimene ndikufuna chandikomera. Koma ndikanena kuti "ndikuganiza choncho chifukwa cha ichi ndi ichi", mwana wa sitandade 3 akhoza kundigwira pakamwa, nesi akhoza kundionetsa pepala, ndipo ndibweza mawu popanda kumwamba kugwa. Wodzozedwa akanena kuti "kwalembedwa", wom'funsa amasanduka mdani wa Mulungu. Komanso kuganiza kumene ndikunena si kwa munthu payekha m'chipinda chotseka. Ndi kuja kwa pa bwalo, pamene mlandu umazungulira pakamwa pa anthu ambiri ndipo ngakhale mfumu imafunsidwa.

Anapukusa mutu. Anati bwalo lopanda Buku limatha kugamula kuti nkhalamba ndi mfiti. Ndinati Buku lomwelo pa Eksodo 22:18 likuti mfiti isakhale ndi moyo, ndipo amene amaletsa anthu kugenda nkhalamba masiku ano amayamba ndi kufunsa umboni. Tinafika pa Bree tikukanganabe.

Masiku apitawa anakhala pafupi nane m'tekisi n'kutsitsa mawu. Pali mtsikana wa mumpingo amene mwamuna wake amam'menya, ulendo uno mpaka diso kutupa. Ankhoswe a kuchimuna abwera ndi Aefeso 5:22, akazi mverani amuna anu, ndi Malaki 2:16 pa za kuleka ukwati. "Mavesi owayankha ndili nawo," anatero, "koma mubwere Loweruka."

Ndinati Loweruka ndi kutali. Choyamba mtsikanayo agone kwina usiku womwewo, mawa wina am'perekeze kuchipatala akalembe mabalawo, kenako ku khoti la majisitireti kukapempha chikalata choletsa mwamunayo kum'yandikira, chifukwa lamulo la nkhanza za m'banja la dziko lino, la 1998, limateteza aliyense amene akuzunzidwa m'nyumba. Za Aefeso tidzakamba diso litaphwa. Mkuluyo anati kupita kukhoti ankhoswe asanamalize n'kupasula banja, ndipo Paulo analetsa abale kusumirana kwa akunja. Ndinam'funsa ngati mwamunayo anadikira ankhoswe asanatambasule dzanja.

Pa za khoti sitinagwirizane mpaka lero, ndipo Loweruka tikakumana ndi ankhoswe. Koma asanatsike anandipempha nambala ya a Nabanda, ndipo mtsikanayo akugona kumeneko.